Khansa: ofufuza ndi madokotala akugwirana manja, nanga phindu lake lifika liti ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba?

Mwezi wa Okutobala ukafika, m'zipatala zathu mumaoneka nsalu ndi malaya a pinki. Ndi nyengo ya Outubro Rosa, pomwe a zaumoyo amalimbikitsa amayi kukayezetsa khansa ya m'mawere ndi ya khomo la chiberekero. Mwezi womwewu mlimi wa ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amakhala ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza, maso ali kumwamba kudikira mvula yoyamba. Uthenga umamveka pa wailesi, ena amapita kukayezetsa, ena amati tidzapita tikabzala. Koma pali mafunso awiri amene sitimafunsa kawirikawiri. Mayi akapita, namwino n'kupeza kuti zinthu sizili bwino, chimatsatira n'chiyani? Nanga nzeru zimene namwinoyo akugwiritsa ntchito zinachokera kuti?

Mafunso awiriwa amatifikitsa ku mabungwe amene ambiri kuno sitinawamvepo, mabungwe a akatswiri omwe ntchito yawo ndi kukumanitsa anthu ofufuza za khansa ndi madokotala amene amaona odwala tsiku ndi tsiku. Misonkhano yawo imachitikira kutali, m'mizinda ikuluikulu, koma zimene amagwirizana kumeneko ndi zomwe pamapeto pake zimasanduka malangizo a m'chipatala chathu chapamudzi.

Kukula kwa vutoli

Malinga ndi ziwerengero za bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu oposa 25,000 amadwala khansa m'dziko la Mozambique chaka chilichonse. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ili patsogolo pakati pa amayi: imagwira amayi oposa 5,000 pachaka ndipo pafupifupi 4,000 amamwalira nayo. Kwa anansi athu ku Malawi zinthu zili chimodzimodzi, ndipo dzikolo lili m'gulu la mayiko amene khansayi yafala kwambiri padziko lonse. Bungwe la WHO likuti mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi chodwala khansayi poyerekeza ndi mayi amene alibe kachilomboka.

Chopweteka n'chakuti khansa ya khomo la chiberekero ndi imodzi mwa khansa zopeweka. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, imatenga zaka zambiri isanakule, ndipo ikapezeka idakali pachiyambi imachizika. Amayi ambiri amafa chifukwa amafika kuchipatala mochedwa, kapena amafika nthawi yabwino koma thandizo lotsatira lili kutali.

Bungwe la AORTIC ndi msonkhano wa ku Maputo

Bungwe lalikulu la akatswiri a khansa muno mu Africa ndi African Organisation for Research and Training in Cancer, lomwe mwachidule amati AORTIC. Linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa omwe analiyambitsa anali dokotala wa maopaleshoni wa ku Cameroon, Victor Anomah Ngu. Mamembala ake ndi madokotala, anamwino, akatswiri a m'malabotale, aphunzitsi a m'mayunivesite komanso magulu oimira odwala. Limachititsa msonkhano waukulu pa zaka ziwiri zilizonse. Mu 2017 unachitikira ku Kigali, mu Novembala 2019 unachitikira kwathu kuno ku Maputo, ndipo mu 2023 unachitikira ku Dakar.

Chaka cha 2019 chinali chapadera pa nkhani ya khansa m'dziko lino. M'chaka chomwecho boma linayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko ya zaka khumi yolimbana ndi khansa, ya 2019 mpaka 2029, ndipo makina oyamba owotcha khansa, aja amati radiotherapy, anayamba kugwira ntchito pa Hospital Central de Maputo. Pulofesa Cesaltina Lorenzoni, dokotala woyeza tinyama ta m'thupi amene wakhala akutsogolera ntchito yolimbana ndi khansa ku unduna wa zaumoyo, ndi mmodzi mwa anthu a m'dziko lino amene akhala pa utsogoleri wa AORTIC. Izi zikusonyeza kuti Mozambique ali ndi mpando pabwalo pamene nkhanizi zimakambidwa.

Wina angafunse kuti kukumana kwa anthu ovala masuti ku hotela kumathandiza chiyani munthu wa ku Massangulo. Chitsanzo chimodzi ndi ichi. Pa msonkhano wa ku Kigali mu 2017, gulu la madokotala a mu Africa lotchedwa African Cancer Coalition, mogwirizana ndi bungwe la NCCN la ku America, linatulutsa malangizo a kachizidwe ka khansa okonzedwera mayiko a kuno kwathu. Kale dokotala ankawerenga mabuku olembedwera zipatala za ku Ulaya, zokhala ndi makina ndi mankhwala amene iye alibe. Malangizo atsopanowa amamuuza chimene angachite ndi zomwe ali nazo, komanso nthawi imene ayenera kutumiza wodwala patsogolo.

Phunziro la zaka za m'ma 1960

Kuti timvetse chifukwa chake dokotala ndi wofufuza amafunana, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1958 dokotala wa maopaleshoni wa pa chipatala cha Mulago ku Uganda, Denis Burkitt, analemba za ana amene ankabwera ndi chotupa cha m'nsagwada chokula mofulumira kwambiri. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda ulendo wautali pa galimoto, kuzungulira zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland, akufunsa kumene matendawa amapezeka. Anapeza kuti amachuluka m'madera otentha ndi a chinyezi, kumenenso malungo amavuta, monga m'mbali mwa nyanja yathu ino.

Burkitt analibe zipangizo zofufuzira chomwe chimayambitsa matendawa. Anatumiza tinyama ta zotupazo ku London kwa wofufuza wina, Anthony Epstein, ndipo mu 1964 Epstein pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Aka kanali kachilombo koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Wina anali ndi odwala, wina anali ndi makina, ndipo aliyense payekha sakanafika patali. Lero khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa za ana zimene zimamva mankhwala msanga, bola mwana afike kuchipatala chotupa chisanafalikire. Kholo la ku Mandimba likaona tsaya kapena mimba ya mwana ikutupa m'masabata ochepa, lidziwe kuti nthawi yodikira palibe.

Zimene zapindulika kale

Mgwirizano wotere wabala zipatso zooneka m'dziko lino. Zaka zingapo zapitazo Mozambique analibe dokotala ngakhale mmodzi wophunzitsidwa mwapadera kuchita maopaleshoni a khansa za amayi. Mu 2017 bungwe la International Gynecologic Cancer Society linayambitsa maphunziro otere ku Maputo, mothandizana ndi chipatala cha MD Anderson cha ku Houston ndi madokotala a ku Brazil, omwe amalankhula Chipwitikizi ngati anzawo a kuno. Madokotala atatu oyamba anamaliza maphunzirowa mu 2020, ataphunzirira pa odwala a kwawo komanso m'chipatala chawo chomwe. Palinso njira yotchedwa Project ECHO, pomwe madokotala ndi anamwino amakumana pa intaneti, wina n'kufotokoza za wodwala amene wamuimika mutu, osatchula dzina, akatswiri n'kumulangiza.

Kafukufuku wina wotchedwa MULHER, amene anachitika ku Maputo ndi ku Gaza kuyambira mu 2020, anayeza kachilombo ka HPV mwa amayi oposa 9,000. Ambiri mwa amayiwo anasankha kudzitenga okha zokayezetsa ndi kathonje, m'malo mogonekedwa pabedi. Izi ndi zofunika kwa ife, chifukwa aliyense akudziwa kuti manyazi ndi amodzi mwa zinthu zimene zimabweza amayi athu pakhomo la chipatala, makamaka woyeza akakhala wamwamuna kapena mwana wa m'mudzi momwemo.

Chitsanzo china ndi cha khansa ya Kaposi, ija imatulutsa mawanga akuda pakhungu ndi kutupitsa miyendo, yomwe imagwira kwambiri anthu amene ali ndi HIV. Kwa zaka zambiri zipatala za kuno zinkapereka mankhwala a bleomycin ndi vincristine chifukwa ndi otsika mtengo. Kafukufuku amene anachitika m'mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2020, anasonyeza kuti mankhwala a paclitaxel amathandiza kuposa pamenepo. Patatha masabata 48, mwa odwala 100 alionse olandira paclitaxel pamodzi ndi ma ARV, 64 matenda awo anali asanapitirire, pomwe kwa olandira mankhwala akale aja anali 44. Funso linachokera kwa madokotala a m'mawodi, yankho linapezeka ndi ofufuza, ndipo odwala a ku Malawi anatenga nawo mbali.

Pa kupewa, dziko lino linayamba kuyeza amayi ndi viniga m'zipatala zing'onozing'ono mu 2009, ndipo mu Novembala 2021 katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Ku Malawi katemerayu anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Cholinga chimene mayiko anagwirizana ku WHO mu 2020 n'chakuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto akhale atathandizidwa.

Khansa ya m'nkhokwe ndi ya m'madambo

Alimi ali ndi chifukwa chinanso chotcherera khutu. Pakati pa 1956 ndi 1961, madokotala awiri, Prates ndi Torres, anawerenga odwala khansa mu mzinda wa Lourenço Marques, womwe lero ndi Maputo. Anapeza kuti khansa ya chiwindi inali yochuluka modabwitsa, makamaka pakati pa amuna achinyamata, kuposa kwina kulikonse kumene kunali kutawerengedwa nthawi imeneyo. Ofufuza ena anatsatira nkhaniyi mpaka m'midzi ya ku Inhambane, n'kumayeza chakudya cha m'mbale za anthu. Anapeza kuti kumene chakudya chinali ndi poizoni wambiri wochokera ku chuku, wotchedwa aflatoxin, n'kumenenso khansa ya chiwindi inkachuluka. Poizoniyu amaopsa kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo n'chifukwa chake katemera wa matendawa, amene ana a m'dziko lino akhala akulandira kuyambira 2001, ndi wofunika.

Chuku chimenechi ndi chomwe timachiona pa mtedza ndi chimanga chimene chasungidwa chisanaume bwino. Tonse timadziwa zomwe zimachitika pakhomo: mtedza wabwino umapita kumsika, wofota ndi wowawa uja umatsala wa nsinjiro, ndipo chimanga chowola chimapita kumowa kapena kwa nkhuku. Ena amanyowetsa mtedza kuti usavute kuswa. Kuphika ndi kukazinga sikuchotsa poizoniyu. Choncho kuumitsa mbewu pa mphasa kapena pa thandala m'malo mwa padothi, kusankha ndi kutaya zowola, komanso kusunga pouma, ndi ntchito yopewa khansa imene mlimi amaigwira yekha popanda dokotala.

Chimodzimodzinso likodzo. Kukodza magazi kwa ana amene amasamba ndi kuwedza ku Amaramba, ku Chiuta ndi m'mitsinje yothira mu Lugenda ena amakuona ngati chizindikiro cha kukula. Koma likodzo likakhalitsa m'thupi zaka zambiri osachizidwa limatha kubweretsa khansa ya chikhodzodzo munthu atakula. Mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'masukulu amateteza ku zimenezi. Palinso khansa ya kummero, ija munthu amayamba kulephera kumeza nsima, kenako phala, kenako madzi. Ku Malawi yafala kwambiri, ndipo mu 2017 akatswiri anapanga gulu lotchedwa African Esophageal Cancer Consortium kuti aifufuze pamodzi. Kafukufuku wa ku Malawi, Tanzania ndi Kenya waloza zinthu monga mowa waukali, fodya, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, ndi chizolowezi chomwa tiyi kapena phala likadali lotentha kwambiri. Anthu a ku Namwera ndi a ku Mandimba amadya zofanana, amamwa zofanana, amaphika mofanana. Zimene zapezeka kutsidya zikutikhudza nafenso.

Pamene chingwe chimadukira

Tsopano tibwerere ku funso loyamba lija. Tiyerekeze mayi wa ku Ngauma amene wakhala akutaya magazi pakati pa mwezi. Namwino wamuyeza ndipo waona chilonda chokayikitsa, chachikulu moti sichingathandizidwe pomwepo. Mayiyo ayenera kupita ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga. Wa ku Mandimba ali ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kupita ku Lichinga, ndi ena otero kupita ku Cuamba. Kumeneko amudula kanyama kokayeza, ndipo kanyamako kayenera kufika m'manja mwa dokotala wodziwa kukaona pa makina, amene m'dziko muno alipo ochepa ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za Maputo, Beira ndi Nampula. Kuchokera ku Cuamba kukafika ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 350. Ngati matenda afika pofuna makina owotcha aja, ulendo wa ku Maputo ndi wa makilomita oposa 2,000.

Pa sitepe iliyonse pamafunika ndalama ya thiransipoti, chakudya cha wodwala ndi womudikirira, komanso munthu wotsala ndi ana ndi munda. Matenda akagwa mu Disembala, banja limasankha pakati pa kupalira ndi kuperekeza wodwala. Ambiri amagulitsa mbuzi, njinga kapena chimanga cha m'nkhokwe, ena amangobwerera kumudzi osadikira zotsatira. Apa ndi pamene nzeru zonse za ku misonkhano zija zimathera panjira.

Vuto lachiwiri ndi la kawerengedwe. Ziwerengero zambiri za khansa za dziko lino zimachokera m'mabuku a kalembera wa odwala khansa a ku Maputo ndi ku Beira, kenako akatswiri amayerekeza za madera ena onse. Munthu amene wamwalirira kumudzi ku Mitande kapena ku Lissiete asanayezedwe salowa m'buku lililonse. Wodwala amene wawoloka pa Chiponde kukalandira thandizo ku Mangochi kapena ku Blantyre akalembedwa, amalembedwa kutsidya. Boma limagawa madokotala, makina ndi mankhwala potsatira ziwerengero, ndiye dera losawerengedwa limaoneka ngati lilibe vuto.

Vuto lachitatu ndi la amene amakhala pa misonkhanoyo. Kuno kwathu woyamba kuona wodwala khansa nthawi zambiri ndi namwino wa amayi ndi ana, tekiniko wa zachipatala, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi uja timati APE, kapenanso sing'anga. Anthu amenewa ndi omwe amadziwa chifukwa chake mayi anachedwa miyezi isanu ndi itatu, zimene apongozi ananena, ndi mawu amene anthu amatchulira matendawa m'Chiyao, m'Chimakhuwa ndi m'Chinyanja. Ngati mawu awo safika kwa ofufuza, kafukufuku amayankha mafunso a mumzinda okha.

Nkhani ya malire

Sitingakambe za umoyo ku Mandimba osatchula Malawi. Mabanja athu ali mbali zonse ziwiri, misika ndi imodzi, maliro timayenderana. Ku Blantyre, bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likugwira ntchito yothandiza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 2018, ndipo ku Lilongwe kuli malo a boma othandizira odwala khansa pa chipatala cha Kamuzu Central. Kwa munthu wa ku Mandimba, Blantyre ili pafupi kwambiri kuposa Maputo, ngakhalenso kuposa Nampula.

Koma wodwala akawoloka yekha popanda kalata yomveka, amakayambiranso kuyezedwa, ndipo akabwerera kuno dokotala wathu sadziwa mankhwala amene analandira. Wina amalemba m'Chipwitikizi, wina m'Chingerezi. Apa ndi pamene mabungwe a akatswiri angathandize mwachangu kuposa andale, chifukwa madokotala a ku Malawi ndi a ku Mozambique amakumana kale pansi pa denga limodzi la AORTIC. Kugwirizana za kalata imodzi yotumizira wodwala, yomveka mbali zonse, sikufuna makina a mamiliyoni. Kuvomereza kwa maboma awiriwa kumafunikabe, koma maganizo otere amayambira kwa anthu amene amaona vutolo ndi maso.

Zoyenera kupempha, zoyenera kuchita

Kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Niassa ndi mabungwe a akatswiri monga AORTIC ndi AMOG, lomwe ndi bungwe la madokotala a amayi m'dziko lino, zopempha za dera lino ndi zomveka. Choyamba, pakhale nthawi yodziwika imene zotsatira za kanyama ziyenera kubwerera, ndipo zizifika pa foni ya chipatala chimene chinatumiza wodwala kuti asamayende ulendo wongokafunsa. Chachiwiri, anamwino ndi matekiniko a ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma azilowa nawo m'maphunziro a pa intaneti aja. Chachitatu, odwala khansa a kuno azilembedwa mwadongosolo, kuphatikizapo amene athandizidwa kutsidya. Chachinayi, kafukufuku wotsatira abwere kumpoto kuno. Ku Cuamba kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique, ku Nampula kuli sukulu ya zaumoyo ya Universidade Lúrio. Nkhani ya chuku ndi khansa ya chiwindi ndi yoti awiriwa angaifufuze limodzi, m'nkhokwe zathu zomwezi.

Kwa ife eni mudzi, mbali yathu ilipo ndipo siyidikira msonkhano. Mtsikana wa zaka 9 alandire katemera wa HPV. Katemerayu satseka mimba. Mayi akayezetse ngakhale sakumva kupweteka paliponse, makamaka ngati akumwa ma ARV. Kutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi bambo kapena mutasiya kale kusamba, chotupa cha m'bere, kulephera kumeza, chilonda chosapola ndi kutupa kwa nsagwada ya mwana ndi zizindikiro zoti munthu apite kuchipatala sabata yomweyo. Abambo, mayi akapatsidwa kalata yopita ku Lichinga kapena ku Cuamba, ndalama ya ulendo ipezeke monga mmene imapezekera ya feteleza. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti alankhule za matendawa poyera, ndipo asing'anga a mu AMETRAMO akaona zizindikirozi atumize wodwala kuchipatala asanataye miyezi.

Ndondomeko ya dziko ya zaka khumi ija ithera mu 2029, ndipo cholinga cha WHO ndi cha 2030. Zaka zatsala ndi zochepa. Pamene akuluakulu adzakhale pansi kuwerengera zimene zatheka, anthu a kumalire kuno adzakhala ndi muyeso wawo: masiku amene amadutsa kuchokera pamene namwino wa ku Ngauma waona chilonda kufika pamene mayiyo wayamba kulandira thandizo. Masiku amenewo akayamba kuchepa, tidzadziwa kuti mgwirizano wa ofufuza ndi madokotala wafika kwathu.